Ulendo Womaliza wa a Kamodzi

"Tiyi uyu mumwe mofatsa, a Kaputeni," anatero Anti akulowa ndi thireyi m'kachipinda ka oyendetsa ndege. "Kuyambira mawa muzidzithirira nokha."

"Ine ndili ndi mkazi," anayankha a Kamodzi.

"Akazi anuwo ndimawadziwa. Akuthirirani sabata yoyamba yokha, kenako akulozerani pamene pamakhala ketulo."

A Kamodzi anaseka mpaka tiyi anawadonthera pa thalauza. Anti ndiye anali mkulu wa osamalira anthu apaulendo, ndipo anali atauluka nawo zaka zambiri moti ankawanena mmene afunira. Kachitsa, amene anakhala kumanja pa mpando wa wachiwiri kwa kaputeni, sanaseke nawo. Maso ake anali pa kagalasi koonetsa nyengo. Kadontho kofiira kamene kanali pambali pa bwalo la ndege lakwawo pamene ankanyamuka kanali katakula, ndipo tsopano kanakhala pa bwalo penipeni.

"Nanga wachiwiri wanuyu bwanji wakwinya nkhope ngati wameza kwinini?" anafunsa Anti.

"Musiyeni. Akuchita nsanje kuti maluwa a lero si ake."

"Mtambo uja wakula, a Kaputeni," anatero Kachitsa.

"Mitambo imakula. Ndiyo ntchito yake."

Uwu unali ulendo womaliza wa a Kamodzi. Mawa lake ankakwanitsa zaka zimene lamulo limati munthu atsike pa mpando wa kaputeni, ngakhale maso ake akhale akuthwa bwanji. Ku bwalo kunali kudikira galimoto ziwiri zozimitsa moto, zoti zipope madzi m'mwamba ndege idutse pansi pake, monga amachitira kaputeni akamapuma pa ntchito. Akazi awo anali komweko ndi ana, zidzukulu, ndi anzawo amene anapuma kale. Keke inali m'firiji ya mu ofesi.

Dzina la Kamodzi analipata kalekale, tsiku lina la chimvula, pamene ndege zinzawo zinalephera kutera n'kuthawira ku bwalo lina, iwo n'kutera ulendo woyamba womwewo. Chiyambire pamenepo anthu ankati munthu uyu sabwerera m'mwamba, amatera kamodzi basi. Ngati zinali zoona zaka zonsezo, palibe amene anafufuza. Eni ake sankatsutsa. Dzinalo anachita kulilembetsa pa kapu yawo ya tiyi.

Kwa Kachitsa sanali kaputeni chabe. Anali alamu ake, amuna a achemwali ake aakulu. Mayi ake atamwalira, Kachitsa akadali ku sekondale, anakulira m'nyumba mwawo. Ndi iwo amene anamukweza ndege koyamba, ndi iwonso amene anamutcha Kachitsa, chifukwa miyendo yake sinkafika bwino pa zopondera popanda kapilo kumsana. Kapiloko ankayenda nako mpaka pano. M'mawa uja achemwali ake anamuimbira foni, osati kumufunira ulendo wabwino ayi.

"Alamu akowo ukuwadziwa mtima wawo," anatero. "Lero ndi tsiku lawo. Pakamwa pakopo utsekepo."

Wailesi inalira. Anali a ku nsanja, amene amalondolera ndege pa bwalo. Anayamba ndi mafuno abwino kwa a Kamodzi, kenako mawu anasintha.

"Mvula yalimba kuno, ndipo mphepo ikusinthasintha. Ndege imene inali patsogolo panu yayesa kutera, yabwerera m'mwamba. Ikupita ku bwalo la kumpoto."

Kachitsa anayankha kuti wamva. A Kamodzi anaika kapu pansi.

"Akuyendetsa ndani imeneyo?"

"Wophunzira wanu uja wa magalasi," anayankha Kachitsa.

"Uja ankatuluka thukuta ngakhale kukuzizira? Mwana uja amathawa ndi mvula yowaza yomwe."

"Ndege yake ndi yofanana ndi yathu."

"Koma manja ake si ofanana ndi anga."

Anti anayang'ana wina, anayang'ana mnzake, n'kutola makapu ngakhale tiyi wa Kachitsa anali asanakhudzidwe.

"Ndikakhazike anthu pansi?"

"Akhale, amange malamba, ndipo inunso mukhale," anayankha Kachitsa. Anazindikira mochedwa kuti funsolo silinali lake. A Kamodzi anamuponyera diso la m'mbali. Chitseko chinatsekeka.

"Mafuta tili nawo oyesera kamodzi, kenako n'kukafika kumpoto," anatero Kachitsa. "Tikati tizungulire kudikira mvula, tidya a kumpotowo. Ine ndikanakonda tipite kumpoto pompano. Ikakata tibwerera."

"Tibwerera liti? Anthu aja aima pawindo kuyambira masana."

"Anthu amatha kudikira."

"Wati tili ndi mafuta oyesera kangati?"

"Kamodzi."

"Ndiye dzina langa waliiwala?"

Anaseka okha. Kuyesa kutera sikunali kulakwa. Lamulo linkalola, ndipo kaputeni ndi iwo. Chimene chinamuvuta Kachitsa chinali kamwedwe ka tiyi kaja, kayimbidwe ka m'mphuno, ndi zala zimene zinkaomba ng'oma pa bondo. Munthuyu anali atatera kale m'mutu mwake. Anali atadutsa kale pansi pa madzi, akukweza dzanja pazenera.

Oyendetsa ndege ali ndi chizolowezi chawo asanayambe kutsika. Amene wagwira chiwongolero amanena mokweza mmene atere, ndi chimene achite zikakanika, kuti mnzake adziwe choyang'anira. Kachitsa anadikira. A Kamodzi anayamba kutsitsa mphuno ya ndege osanena chilichonse.

"Tinene mmene titere, a Kaputeni."

"Bwalo ili ndimateramo nditatsinzina."

"Ndikudziwa."

"Ndiye ukufuna chiyani?"

"Ndikufuna ndimve kwa inu."

Anapumira m'mwamba, n'kuyamba kulakatula ngati mwana wa sukulu amene wakakamizidwa kuimirira: msewu woterapo ndi uwu, liwiro ndi ili, timapiko titsitsa chonchi. Atafika pa gawo lomaliza, la zochita zikakanika, anasiya.

Kachitsa anamaliza yekha. "Liwiro likakwera, kapena tikapitirira mizere yoyera matayala asanagunde pansi, tikwera. Amene waona, anena."

A Kamodzi anabwerera ku kanyimbo kawo ka m'mphuno.

Mawu amenewo Kachitsa sanawatole m'buku. Anawaphunzira kwa iwo omwewo, m'chindege chophunzirira chija chimene sichichoka pansi. Tsiku lina, akadali wophunzira, a Kamodzi anachita dala ngati ogontha, n'kumatsitsa chindegecho molakwika. Iye anawachenjeza kamodzi, kawiri, katatu, mwaulemu, mpaka galasi lonse linafiira kuti agwa. A Kamodzi anamukalipira pamaso pa anzake onse.

"Wapha anthu onsewa chifukwa cha ulemu! Muno mulibe mlamu, mulibe bambo, mulibe bwana. Mnzako ukamuchenjeza kawiri iye osamva, usapemphenso kachitatu. Nena kuti ndege ndi yanga, uitenge."

Tsiku limenelo analira m'bafa, madzulo n'kukhala nawo patebulo limodzi ngati sipanachitike kanthu. Chiyambire, mawuwo anali asanawanenepo kwa munthu aliyense m'ndege yeniyeni.

Analowa mumtambo. Kuwala kunazima ngati wina watseka chitseko. Ndege inagwedezeka, inatsika mwadzidzidzi, malamba anawakoka m'mapewa. Mvula inkamenya galasi ngati miyala. Kumanzere kunang'anima, kachipinda konse kanayera mbee, n'kudanso.

"Timapiko," anatero a Kamodzi.

"Tatsika."

"Matayala."

Kachitsa anatsitsa chogwirira, anamva kugunda pansi pa mapazi ake, anaona nyali zobiriwira. "Atsika, akhoma."

Apa panalibe chowanenera. Manja a a Kamodzi anali ofewa pa chiwongolero, ankaimva ndege isanagwedezeke. Kachitsa anali atauluka ndi makaputeni ambiri, koma wa manja otere anali asanamuone. Kwa kanthawi mtima wake unakhala pansi. Mwina achemwali ananena zoona. Mwina iye ndi amene anali ndi pakamwa.

A ku nsanja analowanso. "Mphepo yatembenuka, tsopano ikuchokera kumbuyo kwanu. Pa msewu pali madzi. Mwaloledwa kutera."

Kachitsa anabwereza mawuwo momveka bwino, kuti a Kamodzi asadzanene kuti sanamve. Mphepo yochokera kumbuyo imaikankha ndege, imaidyera msewu. Msewu wonyowa sugwira mabuleki. Ndipo kumapeto kwa msewu umenewu kunali kaudzu pang'ono, mpanda wa waya, kenako ngalande yaikulu ya simenti imene nthawi ya mvula inkadzaza mpaka m'milomo.

"Liwiro lakwera," anatero.

"Ndaona."

Muvi woonetsa liwiro sunatsike. Makina amene amawerenga kutalika kwa ndege kuchokera pansi anayamba kuyankhula ndi mawu awo osasintha aja. Kunja kunalibe chooneka, utsi wotuwa wokhawokha. Kachitsa anayamba kupempha mumtima kuti msewu usaoneke. Ukapanda kuoneka, nkhani yatha, lamulo liwakweza lokha popanda iye kutsegula pakamwa.

Mtambo unang'ambika. Nyali za msewu zinatulukira, mizere iwiri yonyezimira m'madzi.

"Uwo!" anafuula a Kamodzi. "Ndinanena chiyani? Uwo!"

Anali pamwamba kwambiri. Kachitsa anaona nthawi yomweyo, ndipo anadziwa kuti iwonso aona, chifukwa anakankha mphuno pansi kuti athamangire msewuwo. Muvi wa liwiro unakweranso.

"Tili pamwamba, liwiro lakwera."

A Kamodzi anapitiriza kutsika.

Mutu wa msewu unadutsa pansi pawo. Mizere yoyera, pamene matayala amayenera kugunda, inabwera n'kupita. Ndege inkayandama, yosafuna kukhala pansi, mphepo ikuinyamula ngati pepala. Kumanja Kachitsa anaona galimoto ziwiri zofiira zitaima moyang'anana, nyali zake zikuzungulira.

"Kwerani."

"Ndiigwira."

"Kwerani, a Kaputeni!"

"Mlamu, khala chete!"

Theka la msewu linali kumbuyo kwawo. Kachitsa anaona m'maganizo nkhope ya achemwali ake pawindo lalikulu, anaona tebulo la kunyumba kuja, mpando wake womwe uja wa pakona. Kenako anaona mpanda wa waya.

"Ndege ndi yanga."

Mawuwo anatuluka aang'ono, koma anatuluka. Dzanja lake lamanja linagwira chiwongolero, lamanzere linapita pa zogwirira za moto wa injini. Pamenepo panali kale dzanja la a Kamodzi, likuzikokera kumbuyo. Analowetsa lake kunsi kwa lawo n'kukankha. Dzanja lawo linalimba. Linali lalikulu, lotentha, dzanja lomwe lija linamugwira pamapewa pa maliro a mayi ake.

"Ndege ndi yanga!" Ulendo uno anachita kukuwa.

Matayala anagunda pansi, khu! Mano anawombana. Ndege inadumpha. Injini za ndege yaikulu sizidzuka msanga. Umakankha, n'kudikira, ndipo nthawi yodikirayo msewu ukutha. Kachitsa anakankhabe.

Dzanja lija linachoka.

"Ndege ndi yako," anatero a Kamodzi, mano atalumana.

Injini zinabangula. Msana wa Kachitsa unakanikizika pa kapilo. Anakoka chiwongolero pang'onopang'ono, kuopa kumenyetsa mchira pansi. Nyali zofiira za kumapeto kwa msewu zinathamangira kwa iwo n'kulowa pansi pa mphuno. Mpanda. Ngalande, madzi amatope akuthamanga m'menemo. Kenako mtambo unawameza.

"Timapiko!"

Palibe chinachitika. Kachitsa sakanatha kuchotsa manja. Anatembenuza maso: a Kamodzi anali atangokhala, manja pa mawondo, akuyang'ana kutsogolo.

"A Kaputeni, timapiko! Ndili ndi manja awiri okha!"

Dzanja lawo linayenda lokha, ngati la munthu wodzidzimuka kutulo. "Timapiko takwera." Kenako, asanauzidwe: "Tikukwera. Matayala?"

"Kwezani."

Anali asanapume n'komwe pamene a Kamodzi anaweramira kutsogolo, mutu utapendekeka ngati akumvetsera chinachake kunja.

"Mphepo itigwetsa apa. Moto wonse, usachepetse."

Mivi inali isanaonetse kanthu. Kenako ndege inatitimira, ngati pansi pake pachotsedwa. Makina anayamba kukuwa. Kumbuyo kunamveka mfuu ya anthu kupyola chitseko chokhoma.

"Kweza mphuno pang'ono. Pang'ono! Gwira pomwepo. Usaithamangitse, ibwera yokha. Gwira. Gwira."

Kachitsa anagwira. Thukuta linkamulowa m'maso. Mawu a a Kamodzi anali atabwerera kukhala a mphunzitsi uja, otsika, osafulumira, akumuwerengera liwiro. Ndege inasiya kutsika. Inaima ngati ikuganiza. Kenako inayamba kukwera, movutikira, ngati lole yodzaza pa chitunda.

Anatulukira pamwamba pa mitambo dzuwa likuwala ngati palibe chimene chachitika pa dziko.

Kachitsa anakhotetsa ndege kuloza kumpoto. A Kamodzi anatenga wailesi, anauza a ku nsanja kumene akupita, mawu ochepa okha. A ku nsanja anayankha mwachidule; za mafuno abwino sanazitchulenso.

Foni ya m'ndege inalira. Anali Anti.

"Kuno tonse tili amoyo, ngati mukufuna kudziwa. Mayi wina wasanza, kamwana kadziluma mlomo, bambo wina akupemphera m'zilankhulo zitatu. Anthu akufunsa. Alipo woti ayankhule nawo, kapena ndiwaimbire nyimbo?"

A Kamodzi anatenga maikolofoni. Anakhosomola kamodzi.

"Amayi ndi abambo, ndine kaputeni wanu. Mphepo ya pa bwalo sinatilole kutera bwino, choncho tinasankha kubwerera m'mwamba. Tikupita ku bwalo la kumpoto, kumene kuli dzuwa. Khalani ndi malamba anu."

Mawu anali osalala ngati a pa wailesi. Atabweza maikolofoni, dzanja lawo linaphonya pokoleka, n'kuyesanso.

"A Wachiwiri," anatero osamuyang'ana, "mafuta mwawaona?"

A Wachiwiri. Mwawaona. Chibadwire anali asanamuitanepo ndi ulemu wotere. Kachitsa akanakonda amutukwane.

"Akwana, a Kaputeni."

Patapita nthawi mapiri a kumpoto anayamba kuoneka. Kumwamba kunali koyera, kopanda ngakhale kamtambo.

"Mundibwezera ndege yanga," anafunsa a Kamodzi, "kapena mukafika nayo kunyumba kwanu?"

Kachitsa anawayang'ana manja. Anali atakhazikika. Anawayang'ana nkhope: inali yotuwa, yokalamba kuposa m'mawa, koma maso anali pano, osati pansi pa madzi a ozimitsa moto. Akanatha kukana, ndipo palibe akanamuimba mlandu.

"Tinene kaye mmene titere."

A Kamodzi anatembenuka n'kumuyang'anitsitsa. Kachitsa sanagwetse maso.

Ananena. Msewu, liwiro, timapiko, mphepo. Atafika pa gawo lomaliza anaima pang'ono, n'kupitiriza: "Liwiro likakwera, kapena tikapitirira mizere yoyera, tikwera. Amene waona, anena."

"Ndege ndi yanu."

"Ndege ndi yanga."

Anaitera mofewa moti Kachitsa anadziwa kuti afika pansi chifukwa cha kulira kwa matayala basi. Kumbuyo anthu anawomba m'manja, ena akulira. Panalibe galimoto zofiira. Panali bambo mmodzi wa timitengo towala, akuwalozera poima uku akuyasamula.

Injini zitazima, a Kamodzi anakhalabe pa mpando, lamba asanamasule.

"Ndikanaiimitsa."

"Mwina."

"Osati mwina. Ndateramo m'mvula yoposa ija inu mukadali kusewera ndi zidole."

"Mwina mukanaiimitsa, alamu. Manja muli nawo, ndawaona lero. Koma kumbuyoku kuli anthu amene sanakwere kudzaona ngati dzina lanu ndi loona."

"Muno mulibe mlamu."

"Munandiuza kale."

Anamasula lamba. "Akuluakulu akakufunsani mukawauza chiyani?"

"Zimene zachitika. Kuti ndinachenjeza kawiri, ndinatenga ndege. Ndiponso kuti pokwera paja, popanda inu, mphepo ikanatibweza pansi."

"Maswitiwo kapatseni ana."

Anatenga chipewa ndi chikwama n'kutuluka. Pa masitepe anakumana ndi makaniko wa pa bwalopo, amene anawauza mwaulemu kuti makina alemba kuti matayala anagunda mwamphamvu, choncho ndege iyenera kuyezedwa, ichoka mawa. A Kamodzi anangogwedeza mutu. Onse atatu, iwo, Kachitsa ndi Anti, anadziwa tanthauzo lake. Mawa a Kamodzi sakanaloledwanso kukhala pa mpando wa kumanzere, wa kaputeni.

Foni ya Kachitsa inalira ali m'khonde lalitali lopita kotulukira. Anaisiya ilire kawiri, n'kuyankha.

"Wawachita chiyani alamu ako?" Achemwali sanapereke n'komwe moni. Kumbuyo kwawo kunkamveka phokoso la ana. "Tonse taona! Ndege kudumpha ngati chule pamaso pa zidzukulu, pamaso pa anzawo! Ndawaimbira, andiuza mawu amodzi okha, akuti funsa mng'ono wako."

"Ndinawalanda ndege."

"Unatani?"

"Ndinawalanda ndege, achemwali. Mwaima pati?"

"Pawindo, pamene ndaima tsiku lonse ngati chitsiru!"

"Tayang'anani kumapeto kwa msewu, kuseri kwa mpanda. Ngalande ija mukuiona?"

"Usandiuze za ngalande! Munthu wauluka zaka zonsezi iwe usanadziwe kuchapa kabudula wako. Anakulera, anakuphunzitsa, anakupezera ntchito. Tsiku limodzi lokha ndinakupempha. Limodzi!"

"Ndinamva."

"Ndiye keke iyi ndiitani? Anthu awa ndiwauza chiyani?"

"Ibwezereni m'firiji. Mudya mawa, mwini wake alipo."

Foni inaduka.

Anti, amene ankayenda kumbuyo kwake akukoka chikwama, anamupeza ataima pakati pa khonde.

"Yenda, mwana iwe. Ukalira pano anthu aganiza kuti ndege yawonongeka."

"Sindikulira."

"Ndiye yenda."

M'mawa mwake, m'basi yowatenga ku hotelo, a Kamodzi anakhala mpando wa kumbuyo kwenikweni, atavala jekete wamba. Malaya anali omwe aja oyera, koma mizere ya golide ya pamapewa anali ataichotsa. Kachitsa anapereka moni. Anayankha ndi mutu, maso ali pazenera.

Kaputeni amene anatumidwa kubweza ndegeyo anali wa magalasi uja, amene anagona pa bwalo lomwelo. Anakhala pa mpando wa kumanzere mosamala ngati wabwereka, akupukuta magalasi kawirikawiri. Nkhani inali itamufika kale, monga inali itafikira aliyense wovala yunifolomu.

"Ndiye ndi zoona?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndi zoona."

"Ine sindikanatha. Munthu uja akandiyang'ana, mpaka lero ndimaiwala dzina langa."

"Inu munathawa msanga. Munachita bwino kuposa tonse."

Anthu anayamba kukwera. Chitseko cha kachipinda chinali chotsegula, ndipo Kachitsa anawaona a Kamodzi ali pamzere, pakati pa mayi wa mwana ndi mnyamata wa mahedifoni, tikiti ili m'manja. Anafika pakhomo, anapatsa Anti tikitiyo ngati munthu wina aliyense, n'kukhotera kumanja. Sanasuzumire.

Kachitsa anakoka mpando wake kutsogolo, anatambasula miyendo kufuna zopondera. Zinali kutali. Anapapasa kumsana, anayang'ana pansi, anatsegula chikwama. Kapilo kunalibe. Tulo anali atagona tochepa, ndipo sanakumbuke pamene anakasiya.

Anti analowa, akukankha chitseko ndi phewa.

"Wapaulendo wina wa kumbuyo wandipatsa ichi. Akuti chinatsala m'basi."

Kanali kapilo kaja, kothimbirira m'makona.

"Anena chiyani?"

"Akuti, kapatseni Kachitsa, angatigwetse."

"Basi?"

"Basi. China n'chakuti tiyi wanga ndi wozizira, ndipo ndawauza kuti azizolowera."

Kachitsa anaika kapiloko kumsana, mapazi anafika. Anatulutsa foni. Kwa achemwali kunalibe uthenga, ngakhale umodzi. Anaiyang'ana pang'ono, anaizimitsa, n'kuiponya m'chikwama.

"A Kaputeni," anatero kwa wa magalasi uja, "tinene mmene tinyamukire."